Lole Yachiwiri Isanyamuke

Ruaka, Nairobi

Achimwene a Reinford,

Landirani moni wochokera kwa mlongo wanu kuno kutali. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga a Lizzie? Nanga Upile ndi Tumbikani, sukulu ikuwayendera? Koposa zonse ndifunse za ababa. Mwendo uja wayamba kumva? Amayi anandiuza kuti masiku ano akumatha kufika pakhonde okha ndi ndodo, ndipo ndinathokoza Mulungu nditamva zimenezo.

Ife kuno tikudzuka. Alamu anu a Arthur ali bwino, kungoti ntchito yawachulukira. Mwana wathu Mthunzi wakula, wayamba kundiyankha m'Chiswahili ndikamukalipira. Kwayamba kuzizira, kumacha kuli chifunga ngati ku Dedza.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene tonse tili ndi foni. Ndayesa kulankhula nanu kangapo sabata ino, koma ndikangofika pa nkhani yeniyeni mumati ndisakuphunzitseni bizinesi, kenaka mumati muli pa msonkhano. Ndiye ndaona kuti ndilembe. Ndapatsira mayi Lorna a kumpingo kwathu kuno, amene akukwera ndege mawa, ndipo ndawapempha kuti akupatseni m'manja, asasiye kwa mlonda. Chonde muwerenge mpaka kumapeto musanakwiye.

Ndiyambira poyambira, chifukwa zambiri za kuno simunazione ndi maso.

Mukukumbukira tsiku lija ku fakitale ku Kanengo, a Arthur atangopeza ntchito kuno. Inu munati poti mlongo wathu akupita ku Nairobi, apite ndi chiponde chathu. Munati kwathu ogula akuchepa, madola akusowa, pamene mabotolo ndi zotsekera timagula kunja. Munati tikalowa msika wa Kenya tidzakhala ndi madola athuathu, sitidzagwadiranso banki. Ababa anamwetulira ndi mbali imodzi ya nkhope ija imene matenda anawasiyira. Ine ndinavomera ndi mtima wonse. Sindikukana, ndinali wonyada kuti dzina la Kadzakumanja lidzaoneka pa shelefu ya dziko lina.

Nditafika, ndinazindikira msanga kuti kwa eni kulibe mkuwe. Chikalata chimene ndinalowera nacho monga mkazi wa a Arthur sichinkandilola kugwira ntchito, ngakhale yogulitsa katundu wa bambo anga ondibereka. Ndinafunika pemiti yangayanga, ndipo ndinaidikira miyezi. Kampani italembetsedwa, ndinayamba kuyenda m'maofesi: a misonkho, a zaumoyo, a bungwe loona za miyezo ya katundu, a khonsolo. Aliyense ali ndi pepala lake, ndipo pepala la uyu silituluka ngati la uyo lisanatuluke. Lebulo lathu analibweza kawiri, koyamba akuti zilembo zachepa, kachiwiri akuti sitinalembe dzina la wolowetsa katunduyo m'dziko muno. Munakwiya posindikizanso, mukukumbukira. Ndipo ndinadzadziwa mochedwa kuti Ruaka, kumene ndikukhala, si Nairobi ayi, ndi dera la Kiambu, lili ndi laisensi yakeyake. Kungowoloka msewu basi, wayamba kulipira kwina.

Sindikudandaula za malamulowo. Ndi dziko lawo. Ndikungofuna mudziwe kuti chitseko chilichonse chimene tinalowera kuno, ndinachigogoda ndi nkhonya zanga mpaka kutupa.

Msika nawo unali ndi zake. Ku masupamaketi akuluakulu amafuna ulipire kaye malo a pa shelefu, ndipo akakupatsa ndi shelefu yapansi, yoti munthu achite kugwada kuti aone botolo lako. Akagulitsa amakulipira patapita miyezi. Chiponde cha kuno chilipo chamitundumitundu, chotsika mtengo, ndipo m'misika muli amayi amene ali ndi timakina, amakupererani mtedza muli pomwepo. Mkulu wina wogulira supamaketi anandifunsa akuseka kuti ndavutikiranji kuwolotsa mtedza malire awiri pamene kwawo kumadzulo amalimanso. Ndinatuluka mu ofesi yake, ndinakalirira m'matatu, minibasi ya kuno.

Amene anatipulumutsa ndi mayi Nyokabi. Ndinakuuzani za iwo kangapo. Ndi mayi wamasiye, ali ndi nyumba yosungiramo katundu ku Industrial Area, kuno amati godauni, ndipo amaperekera uchi, zokometsera ndiwo ndi ufa wa phala m'masitolo ang'onoang'ono. Anatsegula botolo lathu, anapisa chala, nalawa. Kenaka anati mtedza uwu wakazingidwa ndi munthu woudziwa. Anatipatsa ngodya ya godauni yawo, natitengera m'masitolo amene akhala akugulitsamo zaka zambiri. Kulikonse ankanena kuti uyu ndi mwana wanga wa ku Malawi, katundu wake ndikumuikira kumbuyo ndine.

Lole yoyamba itafika, achimwene, ndinavina. A Percy, dilaiva wathu, anali atatopa, atagona pa Songwe, atagonanso masiku angapo pa malire a Kenya ku Namanga kudikira kuti mapepala aonedwe, koma anafika. Loweruka lililonse ndinkaima pakhomo pa sitolo ina ku Lavington ndi timagawo ta buledi, kulawitsa anthu. Amalawi a kuno anagula ngati akulandira wachibale. Akenya nawo anayamba kubwereza. Mabotolo ena ndinagawa ulere kumpingo ndi kwa anansi anga pa mdadada wa nyumba zimene tikukhala, kuti mbiri ifale. Masiku amenewo ndinkakutumizirani zithunzi, inu n'kumakaonetsa ababa.

Tsopano ndifike pa zimene mukukana kumva.

Mwezi watha a bungwe la miyezo anayenda m'masitolo kutola mabotolo a chiponde kuti akapime. Sanatole athu okha. Anatola a makampani ambiri, a kuno ndi akunja omwe. Ine sindinade nkhawa, poti ndinali ndi pepala lija munanditumizira losonyeza kuti chiponde chathu chinapimidwa tisanapakire.

Lachiwiri lina m'mawa mayi Nyokabi anandiimbira kuti ndikwere boda, kabaza wa njinga yamoto, ndifike msanga. Nditafika ndinapeza anthu atatu ovala majekete a bungwelo ataima pakhomo pa godauni. Wotsogolera anali mayi wa msinkhu wanga, wolankhula mofatsa. Anafunsa kuti mkulu wa kampani ya Kadzakumanja kuno ndani. Ndinati ndine. Anandiuza kuti m'chiponde chathu apezamo poizoni wa chuku wopitirira kwambiri muyezo wololedwa, kuti ndichotse botolo lililonse m'masitolo, ndiponso kuti ndidzaitanidwa kukayankha. Atatero anatseka chitseko, namanga loko ndi waya wa chidindo.

Sanatseke ngodya yathu yokha ayi. Chitseko ndi chimodzi. Uchi wa mayi Nyokabi, ufa wawo, zonse zili mkatimo mpaka lero. Anyamata awo onyamula katundu akungokhala pa mpanda. Mayiwo sanandilalatire. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Watipa, ine ndinauza anthu kuti ndiwe mwana wanga." Bola akanandimenya.

Tsiku limenelo ndinakuimbirani. Munati ndi nsanje, sakufuna kuti mlendo adye nawo, akuteteza makampani awo. Munati pepala lathu lilipo, ndiwaonetse. Ndikuuzeni zoona, nanenso ndinaganiza choncho, ndipo ndinakwiya. Ndinatenga mabotolo amene anali kunyumba kwanga, ndinapita nawo ku labu ina yoima payokha, yosakhudzana ndi boma. Ndinkafuna ndibwere ndi pepala loti ndikawaponyere pa tebulo. Zotsatira zinatuluka chimodzimodzi. Ndipo nyuzipepala itasindikiza maina a chiponde choletsedwa, ambiri anali makampani a kuno komweko. Dzina la ababa linali pakati pawo, atalilemba molakwika. Panalibe nsanje, achimwene. Chiponde chathu chili ndi chuku.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti zinatheka bwanji. Kenaka ndinakumbukira zimene munandiuza nokha nthawi yokolola. Munati makalabu a alimi a ku Mchinji amene ababa ankagulako sanatipatse mtedza wokwanira, chifukwa ogula ena anabwera ndi mtengo wokwera, ndiye munakwaniritsa ndi wa mavenda a m'mbali mwa msewu. Ine ndi inu tinakulira ku Kamwendo. Tikudziwa kuti ena amathira madzi mtedza kuti usavute kusenda ndiponso kuti ulemere pa sikelo, n'kuutsekera m'thumba usanaume. Ababa ankaluma njere asanagule thumba, ndipo ankabweza ngolo yathunthu akamva kafungo. Ndikuganiza kuti botolo limene linapita kukapimidwa kwathu linali la mtedza wa makalabu, pamene zimene zinadzaza lole zinali zosakaniza. Sindikunena kuti munachita dala. Ndikunena kuti pepala lija likunena za botolo limodzi, osati za lole.

Patapita masiku ochepa anandifunafuna bambo Mutiso, aja anatithandiza kuwombola katundu pa malire. Tinakumana pa kantini ina ku Industrial Area. Anandiitanitsira tiyi, nandiuza pole, ndiye pepani wa kuno, kuti zoterezi zimagwera aliyense. Kenaka anatsitsa mawu. Anati waya wa chidindo ndi waya basi, Lamlungu kulibe amene amayenda m'misewu imeneyo. Anati akudziwa anthu amene angatsanulire chipondecho m'zidebe zopanda dzina, n'kukagulitsa kwa ophika m'masukulu otsika mtengo ndi m'timagolosale ta m'makomboni, kumene palibe amene amafunsa pepala. Mabotolo opanda kanthu adzadzazidwa ndi zina, a bungwe aja akadzabwera kudzawotcha katundu wathu adzawotcha zimenezo. Anati aliyense apeza kangachepe, ndipo ine ndipulumutsa theka la katundu wa bambo anga.

Nditakuuzani pa foni, simunati ayi. Munati ndiganizire, fakitale ili pa moto.

Ndinaganiziradi. M'matatu yonse yobwerera ku Ruaka ndinali kuganizira. Ndinaona nkhope za amayi aja osankha mtedza ku Kanengo, ena anayamba ntchito ine ndili kamwana. Ndinaona inu mukulowa ku banki mutavala jekete. Ndinafika mpaka potulutsa foni kuti ndiwauze bambo Mutiso kuti sawa, ndavomera. Chimene chinandiletsa si nzeru zanga ayi. Ndi ntchito imene inkandidikira kunyumba.

Mabotolo a m'masitolo anali atachotsedwa, koma aja ndinagawa ulere palibe amene akanawatolera koma ine. Ndiye madzulo a tsiku limenelo ndinatenga chikwama, ndinayamba kugogoda khomo ndi khomo pa mdadada wathu. Ena anangoseka, akuti anamaliza kalekale ndipo ali moyo. Ena anandipatsa botolo osandiyang'ana kumaso.

Khomo lomaliza linali la Mama Baraka, amene amakhala pansi pa nyumba yathu. Amagulitsa zovala za kaunjika pa msika wa Ruaka. Mwana wawo Baraka ndi wamng'ono kwa Mthunzi, anali wowonda, wokana kudya, ndipo mayi ake ankadandaula nthawi zonse tikakumana poyanika zovala. Ndine amene ndinawauza kuti kwathu mwana wotere timamuthirira chiponde m'phala. Ndinawapatsa botolo loyamba, ena anagula okha. Mwanayo anayamba kudya, masaya anatuluka. Mayi ake ankandiitana kuti dokotala wa ku Malawi.

Atatsegula chitseko, Baraka anali pa mpando ndi mbale ya phala, supuni ili m'kamwa.

Ndinafotokoza m'Chiswahili changa chothyokathyoka, posakaniza ndi Chingerezi. Anamvetsera osandidula. Anafunsa kuti chukucho chimachita chiyani m'thupi. Ndinawauza zimene ndinkadziwa, kuti chimawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo chimatha kupinimbiritsa mwana. Anapita kukachotsa mbale ija m'manja mwa mwana, mwanayo n'kuyamba kulira. Kenaka anandifunsa funso limodzi: "Nanga wako, unkamupatsa?"

Ndinati inde, tsiku lililonse.

Anabweretsa botolo, linali litatsala pang'ono kutha, munali mizere ya supuni mpaka pansi. Anandipatsa m'manja, natseka chitseko mwakachetechete.

Nditakwera masitepe ndinawalembera bambo Mutiso kuti asandiimbirenso. Ana a m'masukulu amene ankanenawo, achimwene, ndi a Baraka ena, kungoti amayi awo sindikanawaona nkhope.

M'mawa mwake ndinatenga Mthunzi kupita naye kwa dokotala wa ana, ndipo ndinapempha Mama Baraka kuti tipite limodzi, ndilipira ndine. Anavomera chifukwa cha mwana, koma njira yonse sanandilankhule. Dokotala anawayeza onse awiri. Anati pakali pano sakuona cholakwika, asiye kudya chipondecho, azidya zakudya zakasinthasintha, tibwerenso akawaonenso. Ndinamufunsa ngati angandilonjeze kuti palibe chimene chidzatuluke m'tsogolo. Anati zambiri zimakhala bwino, koma zoterezi salonjeza. Chiyambire tsikulo, Mthunzi akangoti m'mimba, ine ndimasiya zonse n'kumuthamangira. Ndimamutsegula zikope kuona ngati maso asintha mtundu, mpaka mwanayo wayamba kundithawa.

A Arthur sanandinene ngakhale liwu limodzi loipa. Koma ndikuwaona. Ku ntchito kwawo anthu amawerenga nyuzipepala, ndipo ambiri ndinawagulitsa chiponde pa zikondwerero za ku ofesi. Abwana awo anawaitana kuwafunsa ngati dzina lawo lili pa mapepala a kampani. Mwamwayi palibe. Koma ine ndikapezeka wolakwa kukhoti n'kulandidwa pemiti, ndiye kuti banja lathu ligawika, kapena iwo asiye ntchito imene anaisaka zaka zambiri. Masiku ano amadya mwakachetechete, n'kumandifunsa kuti achimwene ako ayankha chiyani.

Ndinapeza loya, mayi wachikulire wodziwa milandu ya zakudya. Sanandinamize. Anati katundu amene ali mu godauni watayika, adzawonongedwa a bungwelo akuona, ndipo wolipira ntchitoyo ndi ife. Koma anati kampani imene yavomera, yachotsa katundu wake yokha, n'kuonetsa kuti yasintha kagulidwe ndi kapimidwe ka mtedza, kawirikawiri amaipatsanso mpata pakapita nthawi. Ena a kuno zinawachitikira ndipo anabwerera pa shelefu. Chimene sakhululuka ndi kubwereza. Anati katundu wina wa chuku akadzagwidwanso ndi dzina lomweli, ndisadzamufunenso, chifukwa sipadzakhala chokambirana.

Ndiye taganizani mmene ndinamvera dzana, a Percy atandilembera uthenga wondifunsa kuti andibweretsere chiyani kuchokera kumudzi, poti lole yachiwiri yapakiridwa kale, ikungodikira mafuta. Iwo ankayesa ndikudziwa.

Nditakufunsani munati imeneyo sipita ku Nairobi, mwapeza munthu ku Mombasa amene adzamata lebulo lina. Achimwene, Mombasa ndi Kenya yomweyo. Malire ndi omwewo, bungwe ndi lomwelo, ndipo kampani yolowetsa katundu pa mapepala ndi imene ili m'dzina langa. Panopa akamva chiponde cha ku Malawi amatsegula katoni iliyonse. Ngakhale itadutsa, mtedza wake ndi womwe uja. Lebulo silichotsa chuku.

Ndikudziwa katundu amene mwasenza. Chigwereni ababa, zonse zili pa mutu panu: malipiro a antchito, magetsi ozimazima, mafuta a jenereta, mankhwala a ababa, abale onse amene amabwera pa geti atanyamula mavuto awo. Ine ndinakwera ndege, inu munatsala nazo. Pa maliro ndi pa maukwati amene amaimirira ndi inu. Sindinakuthokozenipo mokwanira, ndipo mwina n'chifukwa chake mawu anga amakupwetekani, mumaona ngati kamwana kamene munkakaperekeza kusukulu kayamba kukulozani chala. Sindikukulozani chala. Ndili ndi mantha, ndipo ndilibe wina woti ndimuuze.

Pempho langa ndi ili. Tsitsani katundu mu lole imeneyo. Tengani mabotolo a m'makatoni osiyanasiyana, osati osankha, mukapimitse. Mtedza wa mavenda umene watsala m'nkhokwe musaugayenso. Chaka chino tibwerere kwa alimi a makalabu, tigule wosasenda ngati mmene ankachitira ababa, ngakhale utachepa, ngakhale titagwira ntchito masiku atatu pa sabata. Loya wandiuza kuti kuli timakina tating'ono topimira chuku pa fakitale pomwepo, ndipo a bungwe la kuno akaona kuti tili nato amamvetsera. Ine ndi a Arthur takambirana. Puloti yathu ya ku Area 49 tigulitsa, ndipo zimene zipezeke zipite ku fakitale ndi kukonza zimene tawawonongera mayi Nyokabi. Sitikubwereketsa. Dzinalo ndi langanso.

Ababa tiwauze. Ndikudziwa mukuopa kuti magazi awakwera, nanenso ndikuopa. Koma matenda anawagwira mwendo ndi mkono, sanawagwire nzeru. Kuno kuli Amalawi ambiri, nkhani ya m'nyuzipepala ija yafika kale m'mafoni a anthu ku Lilongwe. Kuli bwino amve kwa ana awo, amayi ali pambali, kusiyana n'kuti amve kwa munthu wobwera kudzawazonda. Mukafuna, muike foni pa tebulo, tiwauze tonse awiri, ndipo ine ndinena kuti tinalakwitsa tonse.

Pali chinthu china chimene chikundisowetsa tulo kuposa zonsezi, ndipo pa foni sindinathe kuchitchula. Mtedza umene unadzaza lole yoyamba ndi womwewo umene mwakhala mukugaya kugulitsa kwathu. Mabotolo ake ali m'masitolo ku Lilongwe, ku Kasungu, ku Mzuzu. Ali m'masukulu ogonera amene timaperekera. Kwathuko palibe amene wabwera kudzatola botolo pa shelefu, koma chiwindi cha mwana wa ku Kawale n'chimodzimodzi ndi cha Baraka. Ndipo ndikudziwa kuti alamu a Lizzie amawapakira Upile ndi Tumbikani pa buledi m'mawa uliwonse, chifukwa kwa a Kadzakumanja sipasowa botolo pa tebulo.

Lachinayi likudzali ndikaonekera pamaso pa a bungwe la miyezo. Loya wandiuza kuti adzandifunsa ngati pali katundu wina amene ali m'njira. Ndikufuna ndikayankhe kuti panali lole yachiwiri koma mkulu wanga waitsitsa yekha, ndipo akupimitsa zonse. Yankho limenelo likhoza kutsegula godauni ya mayi Nyokabi, likhozanso kutisungira khomo la msika uno.

Koma ndikuuziranitu kuti musadzati ndinakubayani kumsana. Lole ikanyamuka, sindidzanama. Ndidzawapatsa nambala yake ndi malire amene idzalowere. Ndikudziwa chimene chidzatsatire. Mudzandida, mwina pa Khirisimasi simudzandilola kulowa pa geti, ndipo abale adzati Watipa anagulitsa mkulu wake kwa alendo. Ndalira nazo, ndapemphera nazo, ndipo ndalolera. Sindingagogodenso khomo la mayi wina ndi chikwama m'manja.

Musandifikitse pamenepo, achimwene. Ndinu nokha amene mungandichotse pamenepo.

Mundiperekere moni kwa ababa ndi amayi, muwauze kuti mdzukulu wawo akuwafunsa. Moni kwa alamu a Lizzie, kwa ana, kwa azakhali a Atusaye, ndi kwa onse a ku fakitale. A Percy muwauze kuti asandigulire kanthu ulendo uno. A Arthur akupereka moni, akuti akukukumbukirani m'mapemphero. Mulungu amene anasunga ababa pa bedi la chipatala akusungeni inunso, akupatseni mtima wofatsa powerenga mawu awa.

Mukamaliza kuwerenga, musathamangire kundiyankha. Pitani kaye mukachotse botolo pa tebulo la ana.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Watipa